Uvuni waung'ono ulibe mlandu

Aliyense amene anadutsako m'mamawa pa msika wa Chawama kapena pokwerera mabasi ku Matero amazidziwa ndowa zija za pulasitiki, zovindikira bwino, zodzaza masikono, mabanzi ndi timakeke. Amayi amene amazisenza sachokera nazo ku bekale ayi. Zimene zili m'ndowamo zaphikidwa usiku kapena mbandakucha m'chipinda cha lendi, m'kauvuni ka magetsi kongokwana thireyi imodzi, kapena mumphika wa mchenga wotereka pa mbaula, kapenanso m'mgolo umene anaudula ndi kuuika chitseko ndi owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga. M'ndowa imodzi imeneyo muli ndiwo za tsikulo, muli ndalama ya chilimba ya Loweruka, mulinso nsapato ya mwana wa sukulu. Thireyi imodzi ikapserera, zonsezi zimagwedezeka.

Ife amene timaphunzitsa tiyenera kuyamba ndi kuvomera kulakwa kwathu. Kwa zaka zambiri phunziro la kuphika zogulitsa takhala tikulichitira m'khichini ya pamalo pathu pano, momwe muli uvuni waukulu wa chitseko cholemera, umene ukatentha umasunga moto wake mosatekeseka. Ophunzira ankatulutsamo mabanzi ofufuma bwino, tonse n'kuwomba m'manja, iwo n'kubwerera kwawo ndi pepala la kaphikidwe m'chikwama. Mayi wina wa ku George anatipezanso patapita miyezi ingapo, nkhope ili yakugwa. Anali atatsata pepala lathu mzere ndi mzere katatu konse, ndipo katatu konse mabanzi anatuluka akuda kunsi, ofiirira bwino pamwamba, koma m'kati muli phala. Chikomekome cha mkuyu. Mpamba wake unali utatha, ndipo anali atatsimikiza mtima kukatenga kaloba, ngongole ija imene imaswana msanga kuposa mbira, kuti agule sitovu yaikulu ya mapuleti anayi. Iye ankati kauvuni kake n'kachabechabe. Titapita kukakaona tinapeza kuti kalibe vuto lililonse. Cholakwika chinali pepala lathu, limene linalembedwera uvuni wathu.

Kuyambira pamenepo maganizo athu ndi awa. Uvuni waung'ono ungathe kutulutsa masikono abwino ngati a m'sitolo, malinga mwini wake atadziwa khalidwe lake. Ndipo ndalama yoyamba imene wophika wapeza iyenera kumuthandiza kudziwa uvuni umene ali nawo, isanapite kukagula wina. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Amene amauza mayi wa m'komboni kuti adikire kaye mpaka atapeza uvuni waukulu akumuuza kuti akhale manja lende kwa zaka, pamene makasitomala ali pakhomo lero.

Kusiyana kwa uvuni waung'ono ndi waukulu kumaoneka ndi maso. Zitsulo zotenthetsa, zimene ambiri amazitcha maelementi, zimakhala pafupi kwambiri ndi chakudya, mwina zala zinayi zokha. Chakudyacho chimalandira moto wolunjika, monga mmene munthu woothera mbaula mu Juni amapsera mawondo msana ukuzizidwa. Makoma ake ndi opyapyala, sasunga kutentha. Mpweya wotentha uli m'katimo ndi wochepa, kotero mukangotsegula chitseko umathawa wonse nthawi imodzi. Kachipangizo kamene kamayatsa ndi kuzimitsa maelementi nakonso kamalola kutentha kukwera kupitirira muyeso, kenaka n'kutsika kwambiri kasanayatsenso. N'chifukwa chake nambala yolembedwa pa batani siyenera kukhulupiriridwa. Mukapotokola pa 180, m'katimo mwina muli madigiri 160, mwina 210, ndipo kumbuyo sikufanana ndi kutsogolo.

Pali njira ziwiri zotsika mtengo zoufunsira uvuni kuti unene zoona. Yoyamba ndi ya buledi. Tenthetsani uvuni kwa mphindi 15, yalani masilayisi a buledi woyera pa waya monse, tsekani, ndipo patapita mphindi zochepa tulutsani muone. Silayisi imene yada ikukuonetsani pamene moto umaluma, yotuwa ikukuonetsani pozizira. Mapu amenewo muwasunge m'mutu, pakuti sasintha. Buledi wakeyo sawonongeka, ana amwera tiyi. Njira yachiwiri ndi ya shuga. Shuga woyera amasungunuka pa madigiri pafupifupi 186. Ikani supuni imodzi m'kambale kachitsulo, mupotokole batani pa 175, mudikire mphindi 15. Shugayo akasungunuka, uvuni wanu umatentha kuposa mmene batani likunenera. Mukapotokola pa 190 iye n'kukhalabe mbeembee, ndiye kuti uvuni wanu ndi wozizira. Amene angathe agule kathemomita ka mu uvuni, kamene kamapezeka m'masitolo a ziwiya za m'khichini m'tauni. Pa zida zonse zimene wophika angagule, ife timaika kameneka patsogolo, pamodzi ndi sikelo.

Mukaudziwa uvuni wanu, mankhwala ake ndi apafupi. Poti vuto lalikulu ndi moto wolunjika wochokera pansi, ikani chotchinga pakati pa elementi ndi chakudya: thireyi yachiwiri yopanda kanthu, kapena tailosi yadothi yosapakidwa zonyezimira, yoikidwa pa waya wapansi uvuni ukadali wozizira. Tailosiyo imachita ntchito ziwiri. Imamwaza moto kuti usalume malo amodzi, ndiponso imasunga kutentha, kotero chitseko chikatsegulidwa uvuni umabwerera msanga m'malo mwake. Isakhudze elementi. Pamwamba pakafiira msanga m'kati musanapse, fundikanipo kapepala ka foyilo mosakanikiza. Thireyi yowala ya aluminiyamu imaphika modekha kusiyana ndi yakuda, imene imamwa moto wambiri n'kudetsa kunsi. Ndipo thireyi isadzaze uvuni khoma ndi khoma. Pakhale mpata wa zala ziwiri mbali zonse woti mpweya wotentha uzizungulira. Ambiri amagula thireyi yaikulu kuti aphike zambiri nthawi imodzi, osadziwa kuti agawa uvuni wawo pawiri, pansi pakhala ng'anjo, pamwamba pali zii.

Pepala likanena madigiri 200, mu uvuni waung'ono yambani ndi 180 kapena 190. Likanena keke imodzi yaikulu, gawani phalalo m'tizitini ting'onoting'ono, pakuti moto umafika pakati pa kanthu kakang'ono kunja kusanapserere. Chitseko chisatsegulidwe mpaka magawo awiri mwa atatu a nthawi atapita; pamenepo tsegulani kamodzi, tembenuzani thireyi kuti kumbuyo kubwere kutsogolo, tsekani msanga. Tikudziwa kuti mtima umanyenga, makamaka galasi la chitseko likada ndi utsi. Pukutani galasilo. Keke zambiri zimene zimagwa pakati zimagwetsedwa ndi dzanja la mwini wake wofuna kusuzumira.

Pali chinthu china chimene mapepala ambiri a kaphikidwe sanena, ndipo nafenso sitinkachinena. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wokwera pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pa nyanja yaikulu. Kumtunda kuno mpweya sukanikiza zinthu mwamphamvu ngati kugombe. Madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 m'malo mwa 100, chinyezi chimauluka msanga, ndipo timathovu ta mpweya timene timafufumitsa keke timakula mofulumira. Kaphikidwe kamene mwana wanu wakutengerani pa Facebook kapena pa YouTube kawirikawiri kanayesedwa ku London, ku Cape Town kapena ku Durban, mizinda ya m'munsi. Mukakatsata ndendende kuno, keke imakwera mwamphamvu, imasangalatsa mtima kwa mphindi khumi, kenaka imakhala pansi poti makoma ake anali asanalimbe. Chofunika ndi kuchepetsako bekingi pauda, mwina gawo limodzi mwa magawo asanu a muyeso wolembedwa, kuchotsako supuni imodzi ya shuga pa kapu iliyonse, ndi kuwonjezerako supuni imodzi kapena ziwiri za mkaka kapena madzi. Anthu ambiri amachita zosiyana ndi zimenezi. Keke ikagwa amati pauda anachepa, mawa lake n'kuwonjezera, keke n'kugwa koposa dzulo, n'kumawawanso pa lilime.

Za mabanzi a yisiti, wotchi si mlangizi wabwino. Ufa wokanda umene umafufuma m'mphindi 40 pa kutentha kwa Okutobala ungatenge maola awiri m'mawa wa Julayi. Yang'anani kukula kwake. Ukafika pafupifupi kawiri, kanikizani pang'ono ndi chala. Chibowo chikamabwerera pang'onopang'ono osatsekeka chonse, wakonzeka. Poti uvuni waung'ono umalandira thireyi imodzi pa nthawi, mabanzi a thireyi yachitatu amadikira nthawi yaitali, ndipo akasiyidwa pofunda amafufuma mopitirira n'kufwafwala. Aikeni pozizira, kapena kandani ufa wake mochedwerapo.

Tsopano tinene za magetsi, pakuti palibe wophika wa ku Mtendere kapena ku Kanyama amene angaiwale chaka cha 2024. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Mu Malichi ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku, ndipo pofika Sepitembala madera ambiri ankangowaona maola atatu okha, masiku ena osawaona n'komwe. Amene anapitiriza kugulitsa m'miyezi imeneyo ndi amene ankadziwa kuphika pa makala. Sitovu yaikulu ya mapuleti anayi inasanduka kabati yosungiramo mapoto. Chilala chidzabweranso, monga chinabwerera mu 2015 ndi mu 2019, ndipo n'chifukwa chake timati wophika aliyense wogulitsa adziwe mauvuni awiri, wa magetsi ndi wa makala, ndipo onse awiri awadziwe bwino lomwe.

Ngakhale magetsi alipo, mphamvu yake siikhala yofanana tsiku lonse. Amayenera kufika pa mavolti 230, koma madzulo, pamene nyumba iliyonse yatereka nsima, m'makomboni amatsika. Akatsika kufika pa 200, elementi imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutentha kwake. Mayi amene amadabwa kuti masikono omwewo amapsa m'mphindi 15 mbandakucha koma madzulo amatenga mphindi 25 n'kutuluka ouma, sanalodzedwe ayi. Aphike m'mamawa kapena usiku anthu atagona. Kauvuni ka mawati 1,500 sikadya mayuniti opitirira limodzi ndi theka pa ola, ndipo gawo lalikulu limapita pa kukatenthetsa koyamba, kaya muphikamo thireyi imodzi kapena zisanu. Motero n'kwanzeru kukonzeratu zonse ndi kuphika motsatizana: masikono poyamba, poti amafuna moto waukulu wa madigiri 200 kapena kuposerapo kwa mphindi 12 mpaka 15, kenaka mabanzi, kenaka timakeke pa 170 kapena 180, ndipo mukazimitsa, kutentha kotsalako kumakazinga mtedza. Pa nyumba zimene mabanja angapo amagawana mita imodzi, kudziwa mayuniti amene mwadya kumathetsa mikangano yambiri ndi aneba. Chenjezo limodzi lokha: pulagi ya uvuni ilowe mu soketi ya pakhoma. Zingwe zopyapyala zolumikizalumikiza zija zimatentha, ndipo zatenthapo nyumba.

Magetsi akathima chakudya chili m'kati, musatsegule. Masikono amene atsala ndi mphindi zochepa amatsirizika ndi kutentha kwa tailosi ija. Keke imene yangolowa kumene ithamangitsireni mumphika wa mchenga, ngati mbaula ili chiyakire.

Mphika wa mchenga umenewu ndi uvuni wa agogo athu, ndipo tikuona kuti achinyamata ambiri amaunyoza asanauphunzire. Pamafunika poto wamkulu wochindikala, mchenga wa kumtsinje kapena womangira nyumba wotsukidwa ndi kuumitsidwa, wothiridwa pansi kufika zala ziwiri kapena zitatu, timiyala titatu tokhala ngati mafuwa toti chitini cha keke chikhalepo, ndi chivindikiro chafulati choikapo makala. Mchenga umachita zomwe imachita tailosi. Mchenga wa m'ngalande kapena wa pamsewu musaugwiritse ntchito, mukudziwa nokha zimene zimayenda m'ngalande zathu. Poto atenthe ali wovindikira kwa mphindi 15 kapena 20 chakudya chisanalowe. Kulakwa kumene timakuona kawirikawiri ndi kusonkha moto wambiri pansi. Pa makala atatu alionse, awiri akhale pamwamba, limodzi pansi, ndipo apamwambawo akhale m'mphepete mwa chivindikiro mozungulira, asaunjikane pakati. Makala akhale ofiira, atatha utsi ndi malawi. Poyesa kutentha, wazani ufa pang'ono m'kambale mulowetse. Ukasanduka wofiirira bwino ngati golide m'mphindi zisanu, ndi moto wa keke. Ukada kwambiri m'mphindi zomwezo, ndi moto wa masikono. Ukanyeka pasanathe mphindi ziwiri, phulani makala ena. Pakatha mphindi khumi zilizonse, zunguzani poto pang'ono mbali imodzi, chivindikiro mbali inayo, osachitukula.

Mphepo ya Ogasiti imaba moto mbali imodzi, choncho mbaula itchingidwe ndi njerwa. Makala onyowa amanama, amaoneka oyaka koma alibe mphamvu. A ku Kanyama, kumene madzi amadzaza m'mabwalo mvula ikagwa, asunge thumba lawo pamwamba. Chidutswa cha malata ofolerera nyumba chisakhale chivindikiro, popeza malatawo amakutidwa ndi zinki amene akapsa amatulutsa utsi wodwalitsa. Mgolo wopangira uvuni ukhale umene munali zakudya, ndipo uyambe wawotchedwa wopanda kanthu mpaka utoto wonse utachoka. Mgolo umene munali mankhwala a m'munda kapena a m'fakitale sungayeretsedwe mokwanira, ngakhale wogulitsa atalumbira. Ndipo chachikulu pa zonse: mbaula isayake m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, wosaoneka ndiponso wosanunkha, umene umagonetsa munthu tulo tosadzukanso. Wophika wa mbandakucha m'nyengo yozizira amakopeka kulowetsa mbaula m'nyumba ana ali mtulo. Phikirani pakhonde, valani juzi.

Ena mwa owerenga athu afunsa, ndipo ali ndi chifukwa: inu amene mumatiphunzitsa kubzala mitengo, mukutiphunzitsanso bwanji kuphikira makala? Tonse timaona malole ndi njinga zodzaza matumba a malasha zikulowa mu Lusaka kuchokera ku Chongwe, ku Rufunsa, ku Chibombo ndi ku Mumbwa, ndipo timadziwa mmene nkhalango za kumeneko zikutheramo. Sitikana kuti pamenepa pali kutsutsana, ndipo kumatiwawa. Koma mayi wa ku Chawama saleka kuphika chifukwa choti ife tatseka pakamwa. Amangophika mosadziwa, n'kuwononga makala ochuluka. Thireyi iliyonse yopserera ndi makala otenthedwa kawiri. Mbaula yomatidwa dongo m'kati imadya makala ochepa kuposa ya chitsulo chokhachokha yobowolabowola. Makala oumba, opangidwa ndi zitsononkho za chimanga, makoko a mtedza kapena fumbi la makala limene limatayidwa pamsika, amayaka modekha kwa nthawi yaitali, ndipo moto wotere ndiwo umene mphika wa mchenga umafuna. Gasi ndi wabwino kwa amene angakwanitse kugula silinda. Ife tikadakonda kuti aliyense afike pamenepo, koma sitingalembe ngati kuti afika kale.

Enanso anena kuti malonda sakula ndi kauvuni ka thireyi imodzi. N'zoona, ndipo ilipo nthawi imene uvuni waukulu umayenera. Koma nthawiyo imadziwika ndi kope, siidziwika ndi kulakalaka. Ngati kwa miyezi itatu ndowa yanu ikutha dzuwa lisanafike pamutu, anthu n'kumabwerera osapeza, ndipo kope likuonetsa phindu mutachotsa ufa, shuga, majarini, mazira ndi moto, pamenepo tikambirane za uvuni wina. Ngakhale pamenepo, dziwani kuti sitovu yaikulu imafuna waya wakewake wochindikala kuchokera pa bokosi la magetsi, umene zipinda zambiri za lendi zilibe, ndipo eni nyumba ambiri salola. Kauvuni kachiwiri kakang'ono, kapena uvuni wa njerwa womangidwa ndi gulu la chilimba pabwalo la mmodzi wa iwo n'kumaphikamo mosinthana, kawirikawiri zimaposa ngongole. Tiwerengere pamodzi. Pa masikono 24, tinene kuti 18 amabweza zimene munagula, 6 ndiwo phindu lanu. Mzere umodzi wa kumbuyo ukapserera, mwagwira ntchito usiku wonse kwaulere. Wosadziwa kuteteza mzere umenewo mu uvuni waung'ono adzapsereza mizere itatu mu waukulu, ali ndi kaloba pamsana.

Poti ndife a zaulimi, sitingasiye kunena za ufa. Ufa wa tirigu ndiwo umadya gawo lalikulu la mpamba. Tirigu wa dziko lino amalimidwa m'nyengo yozizira ndi madzi othirira, m'mafamu aakulu a ku Mkushi, ku Chisamba ndi kwina, ndipo mlimi wamng'ono alibe nawo mawu pa mtengo wake. Koma mbatata, kandolo wathu uja, makamaka yofiira m'kati imene ili ndi vitamini A, ikaphikidwa ndi kupotedwa ingalowe m'malo mwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ufa wa tirigu m'mabanzi ndi m'masikono. Imabwera ndi kutsekemera kwake ndi chinyezi chake, kotero shuga ndi madzi zimachepa. Chenjerani pa chimodzi: chifukwa cha shuga wakeyo imafiira msanga, ndiye mu uvuni waung'ono tsitsani moto ndi madigiri khumi. Chimanga chofiira ngati lalanje, chimene mbewu zake zoyamba zinatulutsidwa m'Zambia mu 2012, chimapanga chikondamoyo chokongola. Ufa wa chimanga ndi wa chinangwa ulibe ulimbo uja umene umagwira mpweya mu tirigu, choncho musayembekezere kuti ufufuma ngati buledi. Chikondamoyo cha mgaiwa, nthochi zakupsa ndi soda pang'ono sichifunanso kufufuma kotero. Chimafuna moto wodekha wa pansi ndi pamwamba, ndipo pa zonse zimene taphikapo mumphika wa mchenga, ndicho chimatuluka bwino koposa. Chimatidabwitsa kuti ogulitsa ambiri amachita nacho manyazi, pamene anthu opita ku ntchito m'mawa amachifuna chifukwa chimakhala m'mimba.

Za ndiwo tingodutsapo mwachidule. Nkhuku yathunthu mu uvuni waung'ono imapserera pachifuwa ntchafu zisanapse. Iduleni kumsana muiyale ngati buku, kapena muiduledule nthuli. Nkhuku yachikuda iyambe yabwatitsidwa, uvuni ungoifiiritsa. Yapsa pamene madzi otuluka pafupi ndi fupa la ntchafu ali oyera opanda magazi, kapena pamene pakati pafika madigiri 75. Mafuta odonthera pa elementi amayaka, choncho pansi pakhale thireyi. Mbatata ndi maungu zidulidwe mofanana kukula, basi.

Chakudya chimatuluka mu uvuni chili chaukhondo. Chimadetsedwa pambuyo pake ndi manja, ndowa ndi ntchentche. Makomboni athu anaona kolera mu 2017 ndi 2018, pamene boma linaletsa kugulitsa m'misewu ya Lusaka, anaonanso mu 2023 ndi 2024, pamene National Heroes Stadium inasanduka chipatala. Wogulitsa aliyense amakumbukira mmene malonda anaimira. Masikono azizire kaye pa waya atafundidwa kansalu koyera, pakuti ovindikiridwa akadali otentha amachita thukuta n'kuyamba nkhungu. Akalowa m'ndowa, atuluke ndi chopanira kapena ndi kapulasitiki kovala kudzanja, ndipo dzanja lolandira ndalama likhale lina.

Chotsala ndi muyeso. Tikafunsa amayi kuti ufa munathira wochuluka bwanji, ambiri amatambasula dzanja n'kuti chonchi. Dzanja la mayi wophika zaka makumi awiri limadziwadi, sitilinyoza. Koma dzanja silingauze mwana wamkazi amene aphike mayi akadwala, ndiponso silikumbuka chimene chinasintha tsiku limene zinalakwika. Kapu ikhale imodzimodzi masiku onse, yodzazidwa ndi kusalazidwa ndi mpeni, ndipo sikelo imaposa kapu. Pakhale kope la pafupi ndi uvuni, lolembamo ufa, nambala ya pa batani kapena kuchuluka kwa makala, mphindi, nthawi ya tsiku, mbali imene inada, ndi zimene zinagulidwa. Amene kulemba kumawavuta alembetse mwana. Posintha, sinthani chinthu chimodzi pa tsiku. Mukasintha moto, pauda ndi thireyi nthawi imodzi, zikakoma simudziwa chimene chathandiza. Pakatha milungu iwiri kopelo limakhala pepala la kaphikidwe la uvuni wanu, limene palibe mphunzitsi angakulembereni.

Mayi wa ku George uja sanatenge kaloba. Anaika tailosi pansi, anatsitsa moto, anagawa mabanzi ake kukhala ang'onoang'ono. Ngodya ya kumbuyo kumanzere imadetsabe, ndipo iye amangoisiya yopanda kanthu.

Kumbali yathu, kuyambira maphunziro akubwerawa uvuni waukulu wa m'khichini sudzayatsidwa pa phunziro la kuphika. Tasonkhanitsa timauvuni ta magetsi tosiyanasiyana, tina tobwereka kwa antchito anzathu, mapoto a mchenga ndi mgolo umodzi, ndipo wophunzira aliyense adzaphika pa zonsezi mpaka atapsereza ndi kukonza. Ufa wopsererawo ndi wathu. Amene mukubwera tikukupemphani kuti mutenge thireyi yanu ya kunyumba, kapu imene mumayezera, ndi kope. Amene kauvuni kanu n'konyamulika, bwerani nako, tidzakapezera soketi.